Zimene nyali yobiriwira imanena pa TP4056

Chikalata chofotokoza TP4056, chija amisiri a zamagetsi amati datasheet, n'chachifupi. Ndi masamba owerengeka chabe, ochokera ku kampani ya NanJing Top Power ASIC ya ku China. TP4056 ndi ka IC ka miyendo isanu ndi itatu kotchajira batire limodzi la lithium. Amene anatsegulapo tochi yotchaja kapena kasipika ka m'manja mwina anakaona, ndipo okonza mafoni ndi mawailesi amakadziwa bwino pa tibodi tija tokhala ndi pobayira USB, timene amatchajira mabatire a 18650 ochotsedwa m'malaputopu akale. Pa kabodiko pamakhala tinyali tiwiri ta LED. Kena kamayaka batire likamatchaja, kena kamayaka ntchito ikatha. Ambiri amadziwa zokhazo, ndipo masiku ambiri zimawakwanira.

Koma m'chikalatamo muli katebulo ka mizere inayi konena za tinyaliti, ndipo kwa ine katebulo kameneka ndi phunziro lokwanira kwa aliyense wofuna kupanga seketi yosinthanitsa nyali ziwiri. Mzere woyamba ukuti batire likamatchajidwa, yofiira iyake, yobiriwira izime. Wachiwiri ukuti kutchaja kukathetsedwa, yofiira izime, yobiriwira iyake. Wachitatu ukuti magetsi olowa akachepa, kapena batire likatentha kapena kuzizira mopitirira, kapena batire likakhala kuti palibe, zonse ziwiri zizime. Wachinayi ukuti ngati batire palibe koma pa mwendo wake pali kapasita ya 10 µF, yobiriwira iyake, yofiira iziphethira pakadutsa sekondi imodzi mpaka masekondi anayi. Mizere iwiri yoyamba aliyense akanatha kuilosera asanatsegule chikalata. Nkhani yeniyeni ili m'mizere iwiri yotsalayo.

Tiyambe ndi miyendo, chifukwa popanda iyo tebulo silingamveke. Mwendo wa nambala 7 ndi CHRG, wa nambala 6 ndi STDBY. Chikalata chimati yonse iwiri ndi ya mtundu wa open drain, ndipo zimenezi n'zimene zikulamulira kayendedwe ka waya aliyense. Mkati mwa IC, kuseri kwa mwendo uliwonse, muli tiranzisita yogwira ntchito ya swichi yopita ku giraundi. Mwendowo sutulutsa magetsi ayi. Umatha zinthu ziwiri zokha: kukokera pansi, ndiye kuti kulumikiza ku giraundi chilichonse chimene chili pa iwo, kapena kulekerera, osagwira kanthu. Za CHRG chikalata chimati umakokera pansi batire likamatchajidwa, apo ayi umalekerera. Za STDBY chimati umakokera pansi kutchaja kukathetsedwa, apo ayi umalekerera. Ziganizo ziwirizi zamangidwa mofanana, koma chilichonse chaima pachokha, ndi chifukwa chakechake. Palibe pamene palembedwa kuti CHRG ukalekerera ndiye kuti STDBY ukokera pansi. Mfundo imeneyi tiisunge, tikumana nayo kutsogoloku.

Popeza mwendo umangokokera pansi, magetsi oyatsira nyali ayenera kuchokera kwina. Pa chithunzi cha seketi chimene chili m'chikalatamo amachokera ku VCC, mwendo wa nambala 4, kumene kumafikira 5 V ya chaja. Kuchoka pamenepo karenti imadutsa mu rezisita ndi mu LED, n'kukatsikira mu mwendo wa IC. Pa tibodi tambiri rezisitayo ndi ya 1 kΩ, kaja kakuda kolembedwa 102. Masamu ake ndi a pamtima. LED yofiira imadya pafupifupi 2 V, mwendo wa IC ukakokera pansi umatsala ndi kachigawo kochepa ka volti, ndiye pa rezisita pamatsala pafupifupi 3 V, zimene zikupereka karenti ya 3 mA kapena kucheperapo pang'ono. Ma LED ang'onoang'ono ambiri amapirira mpaka 20 mA, koma nyali yongodziwitsa si yowalitsira chipinda, ndipo 3 mA imaoneka bwinobwino ngakhale masana. Kalumikizidwe kameneka kali ndi ubwino wina umene suonekera msanga: nyali sizidya batire. Mukazula chaja zonse zimazima, IC imagona, ndipo chikalata chimati ikatero imatenga ku batire karenti yosafika 2 µA.

Mzere woyamba ukuoneka wosavuta, koma pansi pa nyali yofiira imodziyi pali zochitika zitatu zosiyana. Batire likakhala lotheratu, pansi pa 2.9 V, IC imalipatsa karenti yochepa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a karenti imene inakonzedwa, kuti lisavulale. Likadutsa pamenepo imalipatsa karenti yonse mosasintha, voteji n'kumakwera. Likafika pa 4.2 V, IC imagwira voteji pomwepo, karenti n'kumatsika yokha pang'onopang'ono. Nthawi yonseyi nyali ndi yofiira, kuwala kwake n'kumodzimodzi. TP4056 ilibe wotchi yowerengera maola kuti ikaona nthawi yatalika isiye, choncho batire lakufa mkati, losatha kukwera kudutsa 2.9 V, likhoza kukhala pa yofiira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, mwini wake akuganiza kuti zikuyenda. Palinso kutentha. Voteji yotsala pakati pa chaja ndi batire IC imeneyi imaisandutsa kutentha basi. Chaja ili pa 5 V, batire pa 3.7 V, karenti ndi 1 A: ndiye kuti 1.3 W ikutenthetsa kanthu kotalika mamilimita 5. Ikatentha kwambiri IC imachepetsa yokha karenti, kutchaja n'kuchedwa, koma nyali sinena kanthu. Pamenepa sindikuimba mlandu wolemba chikalata. Nyali ziwiri sizinganene zonse, ndipo yofiira ikunena zoona: karenti ikulowa m'batire. Zoti ikulowa yochuluka bwanji, sinalonjeze.

Mzere wachiwiri ndi umene anthu amaukhulupirira kwambiri, ndiponso ndi umene amaumva molakwika kawirikawiri. Tebulo silinena kuti batire ladzaza. Likuti kutchaja kwathetsedwa, ndipo pena m'chikalatamo mwalembedwa chimene chimathetsa: voteji yafika pa 4.2 V, karenti yatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo khumi a imene inakonzedwa. IC siwerenga magetsi amene alowa. Sidziwa ngati batire ndi lalikulu kapena laling'ono, latsopano kapena lokalamba. Imangoona manambala awiri aja akumana, n'kukokera STDBY pansi.

Karenti yokonzedwayo imachokera ku rezisita ya pa mwendo wa nambala 2, PROG. Lamulo lake ndi kugawa 1200 ndi kukula kwa rezisita, kotero kuti ya 1.2 kΩ, kaja kolembedwa 122 kamene kali pa tibodi tambiri, imapereka 1000 mA. M'chikalata chomwecho muli tebulo lina lopereka 580 mA pa 2 kΩ, 250 mA pa 5 kΩ ndi 130 mA pa 10 kΩ, pamene lamulo lija likanapereka 600, 240 ndi 120. Kusiyanako n'kochepa, koma kukutichenjeza kuti manambalawa tiziwatenga ngati oyandikira chabe. Tsono taonani mmene rezisita imodziyi ikusinthira tanthauzo la nyali. Pa 122, yobiriwira imayaka karenti ikatsika kufika pafupifupi 100 mA. Kwa batire la 18650 la 2500 mAh, 100 mA ndi yochepa, ndipo batirelo limakhala litadzazadi kapena litatsala pang'ono. Koma wina akatenga kabodi komweko n'kulumikiza kabatire ka 300 mAh ka m'kawailesi kakang'ono, 1 A ndi yoposa katatu mlingo wake, zimene zikhoza kukatupitsa kapena kukayatsa moto, ndipo yobiriwira idzayaka kabatireko kasanadzaze bwino. Nyali ndi yomweyo, mtundu ndi womwewo, koma chimene ikunena chasintha. Mmisiri wosamala amayamba wasintha rezisita ya PROG asanalumikize batire laling'ono.

Batire lokalamba limaonetsanso zomwezo. Limafika pa 4.2 V msanga chifukwa mkati mwake karenti imadutsa movutikira, ndiponso malo osungira magetsi achepa. Mukaika 18650 yotheratu pa kabodi, yobiriwira n'kuyaka pakangotha mphindi 20, musasangalale. Pa 1 A, mphindi 20 sizingalowetse zoposa 333 mAh. Nyali sinaname, manambala awiri aja akumanadi, koma batirelo ndi lotha ntchito. Palinso vuto lotembenuka, limene limapezeka kumene anthu amayatsa tochi batire lake likutchajidwa, kaya pa sola kaya magetsi atangobwera kumene. IC imayeza karenti yonse yotuluka pa mwendo wa BAT, wopita ku batire, osasiyanitsa yolowa m'batire ndi yopita kwina. Ngati tochi ikudya 200 mA, karenti singatsike kufika pa 100 mA, choncho yofiira siizima, ndipo batire limagwiridwa pa 4.2 V maola ambiri, zimene zimakalambitsa lithium msanga. Mankhwala ake ndi kuonjezera MOSFET ndi dayodi ya Schottky kuti chaja ikakhalapo, tochi izidya kuchokera ku chajayo mwachindunji, batire lizitchajidwa palokha.

Tafika pa mzere wachitatu, umene ndimauona kuti ndi mtima wa tebulo lonse. Nyali zonse zazima. Wolemba waika pamodzi zinthu zosiyana, magetsi ochepa, kutentha, kuzizira, kusowa kwa batire, ndipo zimene zikuzigwirizanitsa n'zakuti pa zonsezi IC sikutchaja, komanso sinamalize kutchaja. CHRG walekerera chifukwa palibe karenti yolowa. STDBY walekerera chifukwa manambala awiri aja sanakumane. Apa ndi pamene ziganizo ziwiri zoima pazokha zija zikubala zipatso. Nyali yobiriwira ili ndi swichi yakeyake, ndipo imayaka pokhapokha IC ikaona ndi maso ake kuti kutchaja kwatha. Kuzima kwa yofiira pakokha sikuiyatsa.

Kuti tione kulemera kwa zimenezi, tiyerekeze kuti tili ndi mwendo umodzi wokha, CHRG, koma tikufuna nyali ziwiri. Ndi funso limene ophunzira zamagetsi amakumana nalo kawirikawiri, ndipo pali yankho lokongola losafuna ngakhale tiranzisita. Rezisita imodzi ichoke ku 5 V kufika pa mphambano. Kuchoka pa mphambanopo, LED yabuluu ipite ku giraundi, LED yofiira ipite ku mwendo wa IC. Mwendo ukalekerera, njira ya yofiira yaduka, karenti yonse imadutsa mu yabuluu. Mwendo ukakokera pansi, yofiira imayamba kudutsitsa karenti voteji ikangofika pafupifupi 2 V, n'kugwira mphambano pomwepo. Yabuluu imafuna pafupifupi 3 V, ndiye imazima yokha popanda woizimitsa. Zili ngati madzi a mu ngalande ya kudimba: mukatsegula mpata wa kumunsi onse amathamangira kumeneko, bedi la kumtunda n'kutsala louma.

Kusiyana kwa voteji kumeneku kumachokera m'zinthu zimene LED inapangidwira. Kuwala kwa buluu kuli ndi mphamvu yochuluka kuposa kofiira, choncho pamafunika voteji yokwera kuti kutuluke. LED yofiira imene Nick Holonyak anapanga ku General Electric, ku Syracuse m'chigawo cha New York, mu 1962, inali ya gallium arsenide phosphide. Yabuluu yowala bwino inachedwa zaka pafupifupi makumi atatu, mpaka ntchito ya Isamu Akasaki ndi Hiroshi Amano ku Nagoya ndi ya Shuji Nakamura ku kampani ya Nichia, pa gallium nitride. Nichia inayamba kuzigulitsa mu 1993, ndipo atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2014. Kwa wopanga seketi mbiri imeneyi ili ndi ntchito pa tebulo lake lowotchererapo, chifukwa ma LED obiriwira alipo a mitundu iwiri. Akale, a gallium phosphide, aja obiriwira mopita kuchikasu, amadya mongoposa 2 V pang'ono, pafupi kwambiri ndi ofiira, ndiye mukawaika m'malo mwa yabuluu sazimiratu, amangofooka. Pamenepo pamafunika kuika dayodi wamba ngati 1N4148 pamzere umodzi ndi yobiriwira, kuti ionjezere pafupifupi 0.6 V. Obiriwira atsopano, achibale a abuluu, amadya pafupifupi 3 V ndipo safuna thandizo limenelo. Amene sakufuna kudalira mitundu ya ma LED amaika tiranzisita ngati BC547 kuti itembenuze uthenga: mwendo ukatsika tiranzisita imazima, ukakwera imayaka, n'kuyatsa nyali yachiwiri.

Njira zonsezi zimagwira, ndipo pa ntchito imene ili ndi mayankho awiri okha, monga swichi yosankha pakati pa batire ndi magetsi a pakhoma, palibe cholakwika. Koma pa chaja zili ndi chilema chimodzi chachikulu. Nyali yachiwiri siona kanthu payokha, imangoyaka chifukwa yoyamba yazima. Batire latentha, IC yasiya kutchaja: yobiriwira iyaka. Chaja yafooka, voteji yatsika: yobiriwira iyaka. Munthu atenga tochi yake, aiika m'thumba, apita kumene akufunika kuwala usiku, akudalira uthenga umene IC sinapereke. Nyali ziwiri zimatha kunena zinthu zinayi, koma zikamangidwa pa mwendo umodzi zimatsala ndi ziwiri, ndipo chimene chimatayika ndi chija chochenjeza kuti pali vuto. Pachifukwa chimenechi, mwendo wa nambala 6 sindiuona ngati chokongoletsera. Pa miyendo isanu ndi itatu, wopanga IC anapereka umodzi wathunthu kuti yobiriwira isamayankhule zongoganizira.

Kampani ya Linear Technology ya ku California, imene Analog Devices inaigula mu 2017, inakumana ndi funso lomweli pa LTC4054, chaja ya lithium ya miyendo isanu yokha. Malo a mwendo wachiwiri wa nyali panalibe, koma sanavomere kutaya uthenga wachitatu. Anapatsa CHRG umodziwo makhalidwe atatu: kukoka mwamphamvu, pafupifupi 10 mA, batire likamatchajidwa, kukoka mofooka, pafupifupi 20 µA, kutchaja kukatha, ndi kulekereratu magetsi olowa akachepa. Ndi nzeru yabwino, koma yolembera microcontroller, imene ingathe kusiyanitsa zitatuzi poyesa mwendowo ndi marezisita awiri osiyana kukula. Kwa diso la munthu, 20 µA ndi kuwala kofooka kwambiri pa LED yamakono, kapena mdima pa yakale, ndipo pa seketi ya mphambano ija kukoka mofooka ndi kulekerera zimaoneka chimodzimodzi. TP4056 inasankha kulankhula ndi munthu wopanda chida chilichonse m'manja. Ma IC awiriwa akusiyana njira, koma akugwirizana pa chinthu chimodzi, chakuti kusatchaja ndi kumaliza kutchaja ndi nkhani ziwiri.

Mzere wachinayi ndi umene umandivuta, ndipo woliwerenga tebulo mofatsa aona kuti kusowa kwa batire kwatchulidwa kawiri, ndi mayankho awiri otsutsana. Mzere wachitatu ukuti batire likasowa zonse zizime. Wachinayi ukuti batire likasowa yobiriwira iyake. Chimene chikumasula mfundoyi ndi mwendo wa nambala 1, TEMP. Mabatire ena amakhala ndi kachoyezera kutentha mkati, thermistor, kamene kamalumikizidwa ku mwendo umenewu. IC imafuna kuti voteji ya pa TEMP ikhale pakati pa 45 ndi 80 peresenti ya voteji yolowa, ndipo ikatuluka m'malire amenewo kutchaja kumaima. Mukachotsa batire lotere, kachoyezera kamachoka nalo limodzi, voteji ya pa TEMP imatuluka m'malire, IC imaona vuto, nyali zonse n'kuzima. Umenewo ndi mzere wachitatu. Koma chikalata chimalolanso kulumikiza TEMP ku giraundi kuti kuyeza kutentha kulekeke, ndipo tibodi tambiri totsika mtengo timatero, popeza 18650 wamba ilibe kachoyezera. Pamenepo IC ilibe njira yodziwira kuti batire palibe. Imangoona kapasita ya pa BAT, n'kuitchaja ngati batire.

Kapasita ya 10 µF imadzaza m'kanthawi kosaoneka ndi maso. Voteji ifika pa 4.2 V, karenti itsika, IC iti ntchito yatha, yobiriwira iyaka. Kenako kapasitayo imataya magetsi pang'onopang'ono, ndipo IC inapangidwa kuti voteji ikatsika ndi 0.15 V, kufika pafupifupi 4.05 V, iyambirenso kutchaja. Yofiira iphethira, kapasita idzaza, yobiriwira ibwerera, n'kumazungulira choncho. Masamu akugwirizana ndi tebulo: kapasita ya 10 µF ikamataya 1 µA, imatsika ndi 0.15 V pa sekondi imodzi ndi theka. N'chifukwa chake wolemba sanapereke nambala imodzi koma kuyambira 1 mpaka 4, popeza kutayako kumasiyana kabodi ndi kabodi. Kuphethira kumeneku sikunaikidwe dala ngati chenjezo. Ndi zotsatira chabe za malamulo ena awiri, la kuthetsa ndi la kuyambiranso, akagwira ntchito pa kapasita m'malo mwa batire.

Ndimayamikira kuti wolemba sanabise mzere umenewu, chifukwa ukuonetsa pamene seketi yake ikufooka. Pa kabodi ka TEMP wa ku giraundi, yobiriwira ikhoza kuyaka popanda batire lililonse. Zimenezi si za m'buku chabe. Sipuling'i ya m'kabokosi ka batire ikachita dzimbiri, kapena waya wa B+, wochoka pa kabodi kupita ku batire, ukathothoka powotcherera, IC imaona kapasita yokha, ndipo munthu amaona yobiriwira ingoyaka atangobaya chaja. Chizindikiro chokha chotsala ndi kuphethira kwa yofiira, kumene ndi kwachangu ndi kofooka, kosavuta kukuphonya padzuwa. Wokonza zinthu akaona yobiriwira yayaka nthawi yomweyo pa batire limene akudziwa kuti linali lotha, aike dzanja pamwamba pa kabodi kuti pachite mthunzi, ayang'ane yofiira kwa masekondi angapo. Ikamaphethira, asathamangire kutaya batire. Atenge mita, ayeze pa batire penipeni, kenako pa B+ ndi B- pa kabodi. Manambala akasiyana, vuto lili pa njira ya pakati.

Mzere womwewu ukutiuzanso kuti mbali ina ya mzere wachitatu siigwira ntchito pa tibodi totere. Ngati TEMP ali ku giraundi, batire likhoza kutentha mmene lingatenthere, nyali sizizima, kutchaja sikuima. Chitetezo cha kutentha chimene chatsala ndi cha IC yeniyeniyo, osati cha batire. Tibodi tina timakhala ndi IC ya DW01 ndi ma MOSFET a 8205A, oteteza batire kuti lisatheretu kapena kukokedwa karenti yochuluka, koma nawonso sayeza kutentha, ndipo sayankhula ndi nyali. Choncho tebulo limene lili m'chikalata ndi tebulo limene kabodi kanu kakutsatira akhoza kusiyana, malingana ndi kumene wopanga kabodi anapititsa mwendo wa nambala 1. Kuyang'ana kumene mwendo umenewo wapita ndi ntchito ya mphindi imodzi ndi mita.

Za mitundu ndinene mwachidule. Tebulo limati yofiira ndi yobiriwira, koma tibodi tambiri timabwera ndi yofiira ndi yabuluu. IC zilibe nayo kanthu, popeza mwendo uliwonse uli ndi nyali yake, ndipo 5 V imakwanira mitundu yonse. Kwa anthu kuli phindu lenileni: pali ena, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira, pamene chofiira ndi chabuluu amazisiyanitsa. Wopanga kabokosi akaika nyali ziwirizo m'mabowo osiyana, n'kulembapo mawu, ndiye kuti wathandiza ngakhale amene mtundu sukumuuza kanthu. Ena amakonda LED imodzi ya mitundu iwiri, ya miyendo itatu, kuti aboole bowo limodzi. N'zotheka, koma mawu aja a open drain akubwereranso: iyenera kukhala ya common anode, mwendo wa onse upite ku 5 V, iwiri inayo ku CHRG ndi STDBY. Ya common cathode singagwire mwachindunji, chifukwa imafuna miyendo yotulutsa magetsi, zimene iyi sichita. Popeza nyali ziwirizi sizifunika kuyaka pamodzi, rezisita imodzi pa mwendo wa onse ikwanira, kungoti kuwala kwa mitundu iwiriyo kudzasiyana pang'ono. Koma LED imodzi ili ndi mtengo wake: kuphethira kwa mzere wachinayi kumasakanikirana ndi kubiriwira pabowo limodzi, n'kuvuta kwambiri kukuona.

Wopanga seketi yake ya nyali ziwiri, kaya ya chaja, ya pampu kapena ya inveta, ayambe walemba tebulo lotere asanagwire chowotcherera, ndipo mizere ikhale inayi ngakhale akuganiza kuti zochitika ndi ziwiri. Pa mzere uliwonse adzifunse chimene seketi ikudziwadi pa nthawi imeneyo. Ngati ali ndi mwendo umodzi wokha ndipo sangachitire mwina, pa nyali yachiwiri asalembepo kuti ladzaza, alembe kuti sikutchaja, chifukwa ndi zokhazo zimene seketi yake ingachitire umboni. Akamaliza kuwotcherera ayese mzere wachitatu, umene ambiri sauyesa. Ndi zosavuta: m'malo mwa chaja ya 5 V alumikize mabatire awiri wamba a AA, amene akupereka 3 V, yochepera imene TP4056 imafuna kuti iyambe ntchito. Pa seketi ya CHRG ndi STDBY nyali zonse zikhala zozima. Pa seketi ya mwendo umodzi yokhala ndi tiranzisita ndi LED yobiriwira yakale ija, 3 V ikwanira kuiyatsa, ndipo idzaonetsa kubiriwira pa batire limene silinalandire kanthu.